Makatani Atsogola, Nyumba Ikubwera M'mbuyo

Amayi okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Nanga maondo aja akuti bwanji masiku ano? Kuno tonse tili bwino. Ana akukula ngati tikuwathirira madzi, ndipo mkamwini wanu akuyendetsabe basi ija.

Nkhani ilipo. Tapeza nyumba yogulitsa, ya zipinda zitatu, kuseri kwa sukulu ya ana. Ndalama zathu zinaperewera, ndiye tinakapempha ngongole ya nyumba ku banki. Anatifunsa zonse, malipiro a mkamwini wanu, zomwe ndimapeza pa makina osokera, anangotsala kufunsa kuti timayetsemula kangati pa tsiku. Kenako anati tidikire, atiimbira. Ino ndi sabata yachitatu. Foni ndimapita nayo ndi kubafa komwe. Dzana italira ndinaimirira n'kuyankha mwaulemu wonse, osadziwa kuti ndi kasitomala wofunsa za zipi ya buluku lake.

Tsono imvani zomwe mwana wanu anachita. Tsiku lokaona nyumbayo ndinali ndi tepi m'chikwama. Wogulitsa ali kalikiliki kufotokoza za denga, ine ndinali kuyeza mawindo. Pofika Loweruka makatani onse ndinali nditasoka. Mtima sunalole kuti ndiwatsekere m'kabati, ndiye ndinawapachika m'nyumba ya lendi ino kuti ndingoona kukongola kwake. Koma mawindo a kuno ndi aang'ono, makataniwo ankachita kukhwekhwerera pansi.

Eninyumba atabwera kudzakonza mpope anawayang'ana, kenako n'kundiyang'ana ine. Anati makatani amenewa sanasokeredwe mawindo awo, n'kufunsa kuti tikusamuka liti. Ine ndinangoti posachedwa. Basitu, nyumba ailonjeza kwa mphwawo, ndipo kumapeto kwa mwezi wamawa tiyenera kutuluka. Munkandiuza kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, koma mwana wanu sanamve.

A banki akakana, sindikudziwa kuti anawa ndikawagoneka kuti. Sindikubisirani, Amayi, zimenezi zikundiopsa. Mkamwini wanu amangoseka, akuti tikakhoma tenti ya makatani pabwalo la sukulu, poti nsalu ndiye tili nayo yambiri.

Dzulo a banki anatumiza uthenga woti akufuna satifiketi yathu ya ukwati, popeza ngongoleyo ili m'maina a tonse awiri. Mkamwini wanu akuti n'chizindikiro chabwino, munthu wofuna kukukaniza sakupemphanso mapepala. Ndiye pempho langa ndi limeneli: satifiketiyo ili m'sutikesi yakuda ija kunsi kwa bedi lanu, mu envelopu ya zithunzi. Muwapatse achimwene atitumizire sabata ino, asaiwale monga mwa chizolowezi chawo.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu, kwa azakhali, ndi kwa amalume ngati asiya kundikwiyira chifukwa cha malaya awo amene sindinamalize. Adzukulu anu akupereka moni.

Chinthu chimodzi ndasungira kumapeto. M'nyumba tikufuna kugulayo muli chipinda chopanda sitepe ngakhale imodzi, dzuwa la m'mawa limalowa bwino, ndipo bafa lili pafupi. Katani yake ndi yobiriwira, mtundu wanu uja. Imeneyo yokha sindinaipachike kuno. Ndinaipinda bwinobwino, ndipo kaya a banki avomere kaya akane, mudzaitsegula nokha pawindo lanu.

Tsalani bwino, musamale maondowo.

Ine mzime wanu wosadekha uja