Kachipangizo ka Makutu a Malume

Lachitatu, 14 Okotobala 1998

Lero mtima uli m'mwamba.

Amalume, amene makutu awo anafera mumgodi, aona pa TV kachipangizo katsopano kothandiza kumva. M'sitolo mulibe, umachita kuitanitsa pafoni.

"Kandiimbire, mwanawe, ine foni sindimva."

Ndinapita kufoni yolipira ya m'tauni ya Marikana, Chingerezi chake nditaloweza bwinobwino. Mayi woyankhayo anafunsa dzina langa, kumene ndimakhala, kenako nambala ya chiphaso. Chiphaso ndilibe, dziko lino ndinalowa mozemba. Ndinadula, koma dzina ndi dera lathu la Nkaneng ndinali nditatchula kale. M'sitolo ndikanangolipira n'kutuluka, osadziwika.

Amalume sindinawauze. Akhala pakhomo kudikira galimoto yobweretsa kanthuko. Inenso ndikutchera khutu, koma ku galimoto ya apolisi. Ikadzaima panja, iwo sadzaimva n'komwe.