Mazira Awiri ndi Phukusi la pa Khonde

Woolwich, London
21 Febuluwale 1983

Okondedwa achemwali anga a Vera,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana ku Lusakako. Kalatayi sindinaiponye pa positi, ndapatsira a Dainess, anamwino a kutchalitchi kwathu amene akukwera ndege mawa. Funso ndili nalo limodzi lokha, koma mundilole ndiyambire patali.

Mukudziwa mmene bambo a Joyce analili titafika kuno. Chitulukireni m'ndende ya andale kumudzi kuja, mphunzitsi uja anasanduka chitsa. Kupita ku depoti kukatsuka mabasi, kubwera, kukhala pampando n'kumayang'ana khoma, basi. Mankhwala a adokotala anakanika, mapemphero a abusa anakanika. Chimene chinawadzutsa, musaseke, ndi nalimata.

Eya, yemwe uja tinkamuthamangitsa ndi tsache! Kuno amamugulitsa m'sitolo ndipo anthu amaweta. Mzungu wina wa kuntchito kwawo anawapatsa awiri, wamwamuna ndi wamkazi, achikasu a mawangamawanga, mchira wonenepa, osakwera khoma ngati athu aja. Ine ndinati, “A Flywell, tathawa zambiri, tizidzagonanso ndi abuluzi m'nyumba?” Koma tsiku lina ndinawamva akuseka, akumwetsa kanyamako madzi pa chala. Ndinathawira kubafa kukalira, chifukwa kuseka kwawo ndinali nditakuiwala.

Mwezi wathawu wamkazi uja anaikira mazira, awiri kenako awiri ena. Abale, chisamaliro chake ngati cha mwana wobadwa masiku asanakwane! Anakhoma bokosi lamatabwa, naikamo babu lamagetsi loti lizifunditsa, mazirawo ali m'kachitini ka majarini pa mchenga wonyowa. Dzira lililonse analilemba kadontho ka pensulo pamwamba, akuti likangotembenuka kamwana kamafera momwemo, likazizira chimodzimodzi. Ngakhale Joyce saloledwa kuthamanga pafupi ndi bokosilo.

Tsono mukukumbukira zimene phukusi la bomba lija linawachita a Crispin, anzawo aja anathawa nawo limodzi, amene lero amadyetsedwa ndi akazi awo chifukwa manja alibe. Kuyambira pamenepo lamulo la m'nyumba muno ndi limodzi: phukusi losadziwika kochokera silitsegulidwa. N'chifukwa chake ngakhale inu simudziwa pamene timakhala, makalata anu amadzera kwa abusa ku Barking.

Lachiwiri lina, masabata awiri apitawo, bambo a Joyce ali kuntchito, wapositi anandisiyira kabokosi kokutidwa ndi pepala la khaki. Zilembo sindinazidziwe. Nditaika khutu ndinamva kanthu m'katimo, tsiki tsiki tsiki, kusiya, n'kuyambanso. Achemwali, ndinakasiya pamkeka wa pakhomo, n'kuthamanga opanda nsapato mu sinowo, chipale chofewa chija, mpaka pa telefoni ya pamsewu.

Apolisi kuno nkhani ya mabomba sasewera nayo. Posakhalitsa anatulutsa anthu a m'mafulati onse, nkhalamba ndi makanda omwe, anatchinga msewu ndi chingwe, n'kuzimitsa gasi ndi magetsi. Bambo a Joyce potsika basi anapeza chikhamu, ndipo atamva za magetsi anayamba kulimbana ndi chingwe chija akukuwa, “Mazira anga! Mazira anga!” Apolisi awiri anawagwira mikono. Ndinaona nkhope yawo ikusintha, kukhala ija anabwera nayo kuchokera kundende.

Asilikali atalitsegula phukusi lija pabwalo, munatuluka tinkhululu ting'onoting'ono, tambirimbiri, n'kumadumpha mu sinowo. Chakudya cha nalimata! Kusitolo kumene amagula chinatha chifukwa cha chisanu, ndiye bambo a Joyce anaitanitsa pa positi, n'kuiwala kundiuza. Msewu wonse unafa nako kuseka. Ine ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Magetsi anabwera kutada kale. Mazira awiri anafota n'kuchita nkhungu, awiri atsala. Bambo a Joyce sanandikalipire, bola akadatero. Anangoti, “Unachita zomwe tinapangana, Louisa.” Basi abwerera kukhala chete, kungoti tsopano mpando aukokera pa bokosi.

Manyazi ndikanapirira, koma zoopsa ndi izi. Pachikhamu paja panali mtolankhani wa kanyuzipepala ka kuno. Lachisanu la sabata yomweyo tinaona chithunzi cha bambo a Joyce ali m'manja mwa apolisi kukamwa kuli yasa, pansi pake dzina lawo lonse, dziko lochokera, dzina la msewu ndi la mafulati athu. Mayi wa khomo loyandikana nafe ndi amene anafotokoza zonse, mokoma mtima ndithu, poganiza kuti tikondwera kutchuka. Zaka zonsezi tikuyenda chozemba, kusintha mabasi, kusapita ngakhale kumaliro a anzathu, ine ndemwe ndaulula pakhomo ndi telefoni imodzi. Ndipo mukudziwa kuti anthu a boma la kumudzi aja ali ndi owawerengera nyuzipepala kuno.

Lero m'mawa kwabwera phukusi lina.

Ndi lalikulu ngati Baibulo la paguwa, lolemera, lomangidwa ndi twaini. Masitampa ndi a ku Zambia. Dzina la bambo a Joyce lalembedwa m'zilembo zikuluzikulu, la wotumiza palibe. Ndawafunsa ngati aitanitsanso kanthu, apukusa mutu. Ndalinyamula ngati mbale yodzaza mafuta otentha n'kukaliika pakhonde, kuseri kwa chitseko chagalasi, ndipo pamene ndikulemba pano ndikuliona.

Ndinatenga chikhoto kuti ndikaimbe telefoni, iwo anaima pakhomo. “Ukaimba azimitsanso magetsi,” anatero. “Awa sangapirire kachiwiri.” Ndinati chabwino, tiyeni tichoke tikakhale kwa abusa. Akuti bokosi silinganyamulidwe pa basi ndi pa sitima m'chisanu chino, mazira atembenuka. Ndinawagwadira, achemwali, ine amene mumati sindigwadira munthu. Ndinati, “Bambo a Joyce, moyo wathu tiusinthanitse ndi abuluzi?” Anandiyankha kuti, “Anandichotsa pa sukulu yanga, anandichotsa m'dziko langa. Pano sindichoka mpaka aswe.” Akuti kwatsala masabata awiri kapena atatu.

Ndikhoza kuzemba n'kukaimba, telefoni ili pomwepa. Koma ndinaona maso awo pamene apolisi anawagwira, ndipo ndikudziwa kuti mazira awa akafa ndi dzanja langa, mwamuna amene ndidzatsale naye ndi chitsa chija, ulendo uno mpaka kalekale. Ndikapanda kuimba, sindikudziwa chimene chili pakhondepo. Ndikuopa, achemwali. Ndikuopa chitseko chikamenyetseka kwa aneba, ndikuopa njiwa zikatera pakhonde. Joyce ndamupititsa ku Barking masana ano, ndamunamiza kuti amayi abusa akufuna wowathandiza kusoka.

Funso langa ndi ili: kodi ndinu mwatumiza? Munalonjeza Joyce nsalu ndi mabuku a Chinyanja pa tsiku lake lobadwa, ndiye mtima ukundinyengerera kuti mwina wina anakupatsani keyala yathu. Ngati ndinu, sindikwiya ngakhale pang'ono, ndidzavina. A Dainess akangokupatsani kalatayi, chonde pitani ku positi ofesi mukaimbire abusa, mungonena kuti inde kapena ayi. Likakhala ayi ndidzaimbira apolisi, zina zidzaoneka konko.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Winfrida ndi kwa kamnyamata kanu kamene sindinakanyamulepo. Amayi mukawalembera mungoti tonse tili bwino, kukungozizira. Joyce akupereka moni. Wakula, nsapato akuvala saizi folo. Mazira okazinga sadya, amamutulutsa ziwengo. Chichewa amamva chonse ngakhale amayankha m'Chingerezi, ndiye munthu asamunene ali pomwepo. Akakwiya salira, amangokhala chete ngati bambo ake, pamenepo musamukakamize, mungomukhalira pafupi. Satifiketi yake yobadwira ili kwa amayi abusa.

Bambo ake ndawauza kuti ndikulembera inu, angogwedeza mutu, maso ali pa bokosi. Ine ndatuluka pakhonde kawiri kukaika khutu. Lija linkalira, achemwali. Ili lili zii.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Louisa