Inki ya pachala cha Bambo

Okondedwa achimwene anga, Manong Crispin,

Pepani kuti ndakusokonezani ndi kalatayi, ndikudziwa kuti ntchito ya kudoko ku Manila imakutopetsani. Muli bwanji pamodzi ndi alamu ndi ana? Kuno tili bwino, kungoti Amayi bondo lija layambanso.

Mwamva kuti Lolemba likubwerali kuli chisankho cha meya. Akupikisana ndi awiri, mphwake wa eni munda wa nzimbe tikukhalamowu ndi mphunzitsi wina wa gulu la odula nzimbe. Onse afika mʼmidzi yonse mpaka kumapiri.

Kuno amene akukopa anthu mʼmalo mwa eni munda ndi Manang Perlita, aja a kagolosale. Anandipempha kuti ndiziwalembera mayina, akuti dzanja langa ndi laukhondo kuposa la ana a kusekondale. Ndinachita manyazi kukana. Tinayenda khomo ndi khomo, iwo akucheza, ine ndikulemba mizere iwiri, wa athu, ovotera mphwake wa eni munda, ndi wa awo, ovotera mphunzitsi.

Titafika pakhomo pathu Bambo anali atapita kumsonkhano wa odula nzimbe. Manang Perlita anaseka, nʼkunena kuti nkhalamba yanga yayamba ndale mano atatha, ndipo anandifunsa kuti ndiilemba mbali iti. Anatinso ndisaiwale kuti nsanamira za nyumba yathu zili mʼdothi la eni ake. Ndinakumbukira banja la a Dionisio, momwe akapitawo anawasasulira denga chitatha chisankho chapita chija.

Manong, ndinawalemba Bambo kumbali ya athu. Iwo sadziwa.

Dzulo ndi pamene ndamva ntchito ya mndandandawo. Onse olembedwa kumbali ya awo adzapakidwa inki pachikhadabo Lamlungu, yofanana ndi imene amapaka munthu akaponya voti, kuti akafika kusukulu kovotera akawabweze ngati ovota kale. Palibe amene wakana, aliyense ali ndi denga. Manang Perlita anati tsopano bokosi la mudzi wathu lidzakhala loyera, ndipo mukadzapezeka voti ngakhale imodzi ya mphunzitsiyo sadzavutika kufunsa kuti yachokera khomo liti. Ananena uku akundisisita tsitsi, akunditchula kuti mwana wawo.

Bambo achapa kale malaya awo oyera. Akuti adula nzimbe za anthuwa zaka makumi anayi, koma chala ndi chawo, ndipo adzadzuka tambala asanalire kuti akakhale oyamba pamzere. Amayi anawauza kuti chalacho sichitchinga mvula. Bambo anangoseka nʼkupitiriza kunola chikwanje.

Botolo la inki Manang Perlita andisungitsa ine, chifukwa akuti sinditaya chinthu. Ndalibisa mʼchitini cha mpunga. Mukudziwa kuti Bambo akadya masana amagona tulo tofa nato pabenchi, dzanja lili lendelende. Lero ndinaima pambali pawo nthawi yaitali. Sindinachite kanthu, koma ndinaona kuti nʼzotheka.

Ndikawauza zoona, apita kwa Manang Perlita kukafafaniza dzina lawo okha, ndipo mukudziwa zotsatira zake. Ndikawapaka, nyumba itsala, koma sindikudziwa ngati adzandiyangʼanenso kumaso. Amamvera inu nokha. Mwina mungawalembere mawu, kapena mundiuze ineyo chochita.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana. Mulungu akusungeni pantchito yanuyo. Amene akupatsani kalatayi ndi a Renato oyendetsa lole, ndipo abwerera kuno Lachisanu. Chonde asanyamuke opanda yankho lanu, Lamlungu lili pafupi.

Ndine mlongo wanu,
Leonila