Dzina Lakale la Tiyanjane

Lachitatu, Malichi 1999. Latha bwino, ngakhale ndinadzuka mtima uli m'mwamba.

Chiswe chinadya khadi la sikelo la mwana wanga Tiyanjane, ndiye ndimaopa kuti amukaniza katemera. Kukiliniki ya paboma akalaliki anamufufuza m'kompyuta yawo yatsopano, koma sanamupeze.

"Bambo, mwanayu ngwanudi?" anandiseka.

Kenaka ndinakumbukira kuti polembetsa anali Misozi, tinamusintha dzina chifukwa cholira kosaleka. Akalaliki atalemba Misozi wa kumudzi kwathu ku Zemba, zonse zinatulukira pamodzi: kulemera kwake, majekeseni, ngakhale dzina la amake.

"Makinawa sadziwa kuti mwana amakana dzina," anatero akukonza dzinalo.

Tiyanjane wabayidwa katemera, ndipo akusewera. Koma magetsi akathima, makinawo samuiwala? Ndinachita manyazi kufunsa, mwina mwezi wamawa…