Mawu a Chigayo

Lolemba, 3 Juni

Tabwerako kuchipatala ndi mchimwene wanga. Dokotala wamuunika kukhosi, wapeza timatuza tiwiri. Ndiye kuti mawu osasa aja, amene anamupatsa dzina loti Chigayo m'nyimbo zake za dansiholo, ndi matenda. Akapanda kuchitidwa opaleshoni, mawuwo adzatheratu. Akachitidwa adzasintha.

Iye n'kumaseka: "Adokotala, mukufuna kundichotsa ntchito?" Dokotala sanaseke nawo.

Lachitatu, 5 Juni

Tsiku lonse ndakhala ndikumukumbukira ali ndi zaka 16, akuitanira minibasi padepoti, dzuwa lili pamutu. Mawu anasasira pamenepo. Kathamangitsidwe kake ka mawu pamwamba pa kugunda kwa bezi m'nyimbo, kamene anthu amati anakatengera kunja, ndi kaitanidwe ka padepoti basi. Ine ndinkamukalipira kuti izi si nyimbo, ndi phokoso. Lero ndikugona m'nyumba yomangidwa ndi phokoso lomwelo. Manyazi andigwira.

Loweruka, 8 Juni

Kunabwera wojambula nyimbo wake, nsapato zamatope mpaka pakapeti. Akuti opaleshoni idikire kaye, chifukwa anthu sakonda nyimbo zokha, amakonda kukhosiko. Ndamufunsa ngati kukhosiko n'kwake.

Koma mchimwene wapita naye kusitudiyo, akuti akajambule imodzi yomaliza ndi mawu akalewa. Pobwera wabisa mpango m'thumba. Ndaupeza pochapa, uli ndi magazi. Ndili ndi mantha.

Lachiwiri, 11 Juni

Opaleshoni yatheka. Sabata ziwiri osayankhula, ngakhale kunong'ona.

Lachisanu, 14 Juni

Nyumba ili zii. Munthu amene ankaimba ngakhale akutsuka mano tsopano akupempha madzi polemba m'kope. Masana panadutsa galimoto ikuliza nyimbo yake yoyamba ija. Anadzuka n'kutseka zenera. Kenako analemba kuti, "Achemwali, nanga akadzatuluka mawu oti si anga?" Ndamuuza kuti amwe mankhwala.

Lachiwiri, 25 Juni

Dokotala wati ayese kuyankhula, pang'onopang'ono. Mchimwene anayang'ana ine, n'kumeza malovu.

"Achemwali."

Mawu osalala, ofewa, amene ndinawamva komaliza asanayambe zapadepoti. Ndinalira osadziwa kuti ndikulira chimwemwe kapena maliro. Iye anangogwira pakhosi.

Pobwerera tinadzera padepoti pomwe paja. Woitanira wina anamuyang'anitsitsa, n'kufuula: "Chigayo! Akulu, tagayaniko kamodzi timve!"

Mchimwene anamwetulira n'kuyankha kuti, "Lero ayi, m'bale wanga."

Woitanirayo anabwerera m'mbuyo. "Pepani bwana, ndimayesa ndinu Chigayo."

Mchimwene sanamutsutse. Anakwera minibasi, n'kukhala pazenera. Njira yonse chala chake chimagogoda pabondo, milomo ikuyenda, koma sindinamve kanthu.