Pano Palibe Makoswe

Area 47, Lilongwe
14 Okutobala

Okondedwa achimwene a Gladson,

Ndikhulupirira muli bwino ku Joni kumeneko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno thupi lili bwino, koma mtima suli m'malo. Ndalemba kalata chifukwa pa foni simundilola kumaliza mawu.

Nkhani ndi ya mwana wathu Eveless. Mutanena kuti mbumba yanu singakwatiwe ndi Msilamu, ine ndinamvera. Ndinamulanda foni, ndinamuletsa kuponda ku Old Town kumene Mudathir uja amakonza mawotchi. Pakamwa panga mukupadziwa, ndinamukalipira mpaka alonda a nyumba zoyandikana anamva. Analira masabata awiri, kenaka anangoti zii. Ine n'kumati ndathana nazo.

Lachiwiri ndikusita, abwana anga, amayi Sophie, ankawerenga mokweza zimene ophunzira awo alemba. Paja amaphunzitsa za maganizo a munthu ku koleji. Inali nkhani ya sewero lakale la ku Ulaya: mnyamata ndi mtsikana okondana, makolo awo osamwerana madzi, mapeto ake ana onse awiri n'kudzipha.

Ndinaseka, ndinati ndi matama a ana okhuta. Iwo sanaseke. Anati akatswiri ena amanena kuti chikondi cha achinyamata ukachiletsa mwaukali uli ngati ukukupizira mbaula. Anatinso chinapha ana aja si chikondi chokha, koma kusowa wamkulu ndi mmodzi yemwe womuuza zakukhosi osakalipiridwa. Ndinafunsa kuti nanga mwana akasiya kulira, si ndiye kuti waiwala? Anaika mapepala pansi n'kundifunsa kuti ndikunena mwana wa yani.

Achimwene, malaya a abwana aamuna ndinawapsereza.

Ndinayamba kukumbukira zinthu. Kwaya Eveless anasiya. Nsapato zake zakutchalitchi, zomwe sankalola munthu kuzikhudza, anapatsa mnzake Maness. Tsiku lina anandipepesa popanda chimene walakwa.

Ndiye dzulo potuluka m'tchalitchi, mayi wina wogulitsa tomato anandifunsa ngati makoswe atha kwathu, poti anaona Eveless ku msika wa Tsoka akugula mankhwala ophera makoswe. Pa mpanda pano pali amphaka atatu. Chilowereni m'kanyumba ka antchito kano sindinaonepo khoswe.

Ndinathamanga, chitenje chili m'manja. Ndinakutumula chilichonse, ndipo ndinawapeza m'sokosi, pansi pa sutikesi. Nditamufunsa sanakane, sanalirenso. Anangoti watopa. Bola akanandituka, achimwene. Ndili ndi mantha amene sindinakhalepo nawo, ngakhale tsiku lomwe tinaika bambo ake.

Lero amayi Sophie anapita naye kwa alangizi kuchipatala, ndipo akuti azipitabe. Ine sindikumusiya yekha. Akalowa m'bafa ndimaima pakhomo, kumamufunsa zopanda pake kuti ndizimva mawu ake.

Tsopano ndiulule. Foni ndamubwezera. Kwa Mudathir ndapitako ndekha Eveless ali kuchipatala, mawu achipongwe ali okonzeka m'kamwa, koma ndinapeza mwana wa eni ake naye atatha thupi. Anandipatsa mpando wake, iye n'kukhala pansi. Ndamuuza kuti akwawo abwere Loweruka pa 26. Ukwati sindinalonjeze, ndalonjeza kuwamvera basi.

Ndikudziwa ndalumpha mwambo. Malume ake ndinu, mwini mbumba ndinu, ndipo mudzandikalipire mmene mungafunire. Koma zokanira pa foni muli kutali, izo ayi. Kwerani basi mubwere. Ngati mukanebe, mudzakane muli pano, mutakhala naye pamphasa imodzi, mukumuyang'ana kumaso. Inu muli ndi ana asanu. Ine ndi yekhayu.

Amayi kumudzi musawauze kaye, mtima wawo mukuudziwa. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana onse. Ambuye akutsogolereni panjira, ndipo mumutchule dzina Eveless mukamapemphera.

Ndine mlongo wanu,
Esnati