Tsamba la Mkuyu ndi Polishi Wanga

Lolemba, 9 Juni

Yafika! Ya mkuyu yafika! Wamawotchi wandikodola ndikudutsa pa shopu yake. Akuti, "Madala, lowani, koma mukhale pansi kaye, sindikufuna maliro muno." Watsegula dirowa. Miyezi khumi ndi umodzi ndikudikira.

Ndalama yasiliva, yokula ngati chivindikiro cha kabotolo ka mafuta odzola. Pakati pake tsamba la mkuyu lopakidwa utoto, lobiriwira kuphesi, lofiirira kunsonga, timitsempha tonse tikuoneka. Ili m'kachikuto kake ka pulasitiki koonekera. Tsopano zakwana zonse zisanu ndi imodzi: mango, gwafa, peyala, bulugamu, nsungwi, mkuyu. Yoyambayo ananditumizira mwana wanga wamkazi nditapuma ntchito ku hotela, osadziwa kuti akundipatsa matenda.

Ndalowa m'nyumba ndikuimba mluzu. Mayi akunyumba akuti, "Bambo inu, mano atatu omwewo, mluzu ukutulukira pati?"

Loweruka kuli msonkhano wa osunga ndalama zachikumbutso, kuchipinda chakuseri kwa laibulale. Alamu anga Ahedi adzandiona.

Lachiwiri, 10 Juni

Ndilembenso, kuti mtima usazizire.

Zaka ziwiri zapitazo ndinapita kumsonkhano umenewo ndi ndalama zanga zitatu m'mpango. Wapampando ndi Ahedi, achimwene a mayi akunyumba, amene anapuma uhedimasitala koma mawu a pa asembule sanapume nawo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi nkunena kuti, "Alamu, kuno timawerenga mabuku a ndalama, si kukhitchini. Anzanga, awa anakhala zaka makumi atatu akupukuta masipuni." Anthu anaseka. Ndinaima chakukhomo mpaka kumapeto ngati wodzatenga makapu.

Zaka zake ndi 34, osati 30. Ngakhale ponyoza sanawerenge bwino.

Inde, sukulu ndinalekeza sitandade 4. Nanga tsamba limafuna satifiketi?

Ndakonza mawu. Ndidzayala zonse pa tebulo, ya mkuyu pomalizira, kenaka pang'onopang'ono: "Alamu, m'mabuku anu aja muli chithunzi cha iyi. Ine ndili ndi mwini wake." Ndayeserera pa kalilole pometa ndevu, ndaseka mpaka kudzicheka pachibwano.

Lachitatu, 11 Juni

Jekete lasitidwa. Magolovesi oyera a ku hotela ndawapeza pansi pa sutikesi, akadali bwinobwino.

Ndaitulutsa m'kabati kasanu ndi kanayi. Mayi akunyumba akuti ine sindinawayang'anepo choncho ngakhale tili pachibwenzi. Ndati inu simunabwere m'kachikuto. Andiponyera thaulo.

Madzulo, padzuwa la pawindo, ndaona kadontho kakuda m'mphepete mwa siliva, pafupi ndi nsonga ya tsamba. Kochepa ngati chitosi cha ntchentche. Ahedi, H. mwachidule, ali ndi galasi lokulitsa. Adzakaona, ndikumudziwa.

Wamawotchi anati, "Osatsegula, osapukuta." Ndamva. Sinditsegula.

Lachinayi, 12 Juni

Ndaipukuta.

Masana. Tsopano ndilembe.

Sindine ndinachita, ndi manjawa. Zaka 34 sindinalolepo siliva wadontho kuchoka pamaso panga. Ndinati ndingokhudza kadontho kokhako ndi kansonga ka nsalu, polishi pang'onong'ono. Kanachoka msanga, mtima mbee. Ndiye chala chinachita zomwe chimachita pa thireyi iliyonse: chinazungulira. Kawiri basi. Poyang'ana nsalu, yafiirira.

Theka la tsamba lapita. Kuphesi utoto ulipo, kunsonga siliva yekhayekha, phuliphuli. Kunena zoona, sindinawalitsepo chinthu chokongola chotere. Ndinakhala pabedi, kuseka ayi, kulira ayi.

Mayi akunyumba atalowa anayang'ana ndalama, nsalu, kenaka ine. Anangoti, "Ayi, koma yawala."

Lachisanu, 13 Juni

Mayi akunyumba abwera ndi kabotolo ka kyuteksi wofiira wopaka zikhadabo, ati tipakeko pang'ono, ndani adziwe. Ndatsala pang'ono kuvomera. Tayesa kaye pa chivindikiro cha botolo, chaoneka ngati chala chopunthwa pa mwala. Taseka mpaka mayi kutsamira kabati.

Ndapita nayo kwa Wamawotchi. Wavala kagalasi ka diso limodzi, wayang'ana nthawi yaitali, wavula. "Madala, ndinanena mawu awiri okha. Awiri!" Akuti ina singapezeke msanga, mwina osapezekanso.

Ndauza mayi kuti mawa sindipita. Akuti, "Jekete ndasita ine, mupita. Achimwene akaseka, aseka. Kodi anayamba lero?"

Mawu anga aja ndiwasiye? Mwini wake ndikadali naye, kungoti wavula malaya mbali imodzi.

Loweruka, 14 Juni

Ha! Ndiyambire pati?

Tinalipo khumi ndi awiri. Ndinakhala pa mpando osadikira kuuzidwa, pakati pa Dokotala wa mano ndi mayi wina wa ku positi. Ndinavala magolovesi nkuyamba kuyala: mango, gwafa, peyala. Mayi wa ku positi akuti, "Ee, abambo, ya nsungwi muli nayo?"

Ndisanatulutse yomaliza, H. anagogoda tebulo ndi cholembera. "Anzanga, lero ndili ndi kanthu." Anatsegula kabokosi. Ya mkuyu! Yathunthu, utoto wonse! Akuti anaipeza yekha pa intaneti, osavutika ndi kudikira. Anthu m'manja phwaphwaphwa. Ine mawu anga onse aja anatsikira m'nsapato.

Dokotala wa mano anaona kachikuto m'dzanja langa. "Nanga iyo, madala?" Ndinaiika pa tebulo, nditani nanga. H. anaiyandikira ndi galasi lake. "Alamu, mwaipukuta?" Ndinati eya. "Ndi polishi wa masipuni?" Ndinati eya, wabwino kwambiri. Anaseka mpaka kuvula magalasi, ena nkumuthandiza.

Kenaka, kuti andimalize, anatulutsa yake m'kachikuto nkuiika pa kansalu. "Gwirani, alamu, muone mmene imaonekera ikakhala kwa munthu wodziwa. Poti mwavala magolovesi."

Ndinainyamula.

Yopepuka.

Osati kwambiri, koma dzanja ili lanyamula masipuni osawerengeka. Ku hotela tinali ndi a mitundu iwiri: enieni a m'chipinda cha mabwana, ndi ongokutira pamwamba a alendo wamba. Ndinkawasiyanitsa ndili chitsinzinire. Ndinaipendeketsa ku windo. Siliva weniweni amawala mofatsa ngati mkaka, uyu amalasa maso. M'mphepete, pomwe yakhudzana ndi chikuto, kachikasu kakusuzumira. Ndinanyamula yanga yovulalayo kudzanja linalo kuti nditsimikize. Eya. Ahedi agula sipuni ya alendo wamba!

Anthu khumi ndi mmodzi akundiyang'ana. Zaka ziwiri ndikudikira mphindi ngati imeneyi, ndipo yabwera yonona kuposa yomwe ndinaota. Ndinatsegula pakamwa.

H. anali akumwetulira, dzanja ali tambasu kudikira ndalama yake. Akamwetulira choncho amafanana ndi mlongo wake, mpata wa mano womwewo. Zinandisokoneza.

Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Utoto wake ngwabwino." Pomubwezera ndinawerama nkumunong'oneza: "Alamu, mukaiyeze pa sikelo ya Wamawotchi. Mupite nokha."

Kumwetulira kuja kunaima pomwepo ngati wotchi yakufa. Msonkhano wonse sanagogodenso tebulo. Potuluka, Dokotala wa mano anandigwira pamkono. "Munamuuza chiyani?" Ndinati za kubanja.

Ndabwerera wapansi, basi ndinaiwala kukwera.

Lamulungu, 15 Juni

Chitsiru ine. Ndikanangonena mokweza! Anthu aja apita kwawo akudziwa kuti wopusa ndi wamasipuni. Ndakhala pakhonde m'mawa wonse ndikukonza mmene ndikanayankhulira, ndapeza njira zinayi, zonse zokoma.

Koma ndikakumbukira nkhope ija ndikungoseka ndekha. Mayi akunyumba afunsa katatu kuti chachitika n'chiyani, poti munthu wosekedwa sabwera akuvina. Sindinawauze. Akuti, "Mukadwala misala mundiuziretu, ndikonze chingwe."

Bwanji ngati dzanja landinamiza? Ndakalamba. Magolovesinso.

Ayi. Yopepuka.

Lolemba, 16 Juni

Cha m'ma teni ndamva "Odi" wa pa asembule, koma wotsika, ngati wailesi yotha mabatire. Ndasuzumira pa katani. H., wopanda tayi, wanyamula chinthu chokulunga m'thaulo ngati khanda. Zaka ziwiri asanaponde pano.

Ndathawira kuchipinda. Ndikumva zonse, khomali ndi lopyapyala. Mayi akunyumba akuti, "Achimwene, kwagwanji?" Iye akuti, "Palibe, mlongo wanga. Alamu alipo? Ndachokera kwa Wamawotchi." Kenaka, "Ndabwera ndi thireyi yonse ya ndalama zanga. Zilipo makumi anayi ndi zitatu. Ndimati mwina angazigwireko, imodziimodzi. Ngati ali ndi nthawi."

Ngati ali ndi nthawi!

Mayi abwera kudzandiitana. Ndati muwauze ndikufunafuna magalasi. Akuti, "Ali pamphuno panupo." Ndati ndikudziwa, muwapatse tiyi.

Ndikumva sipuni ikuzungulira m'kapu, ikungozungulira, shuga anasungunuka kalekale. Ndimafuna adikire mphindi khumi. Zapita zinayi zokha, koma zala zayamba kale kuyabwa. Makumi anayi ndi zitatu!

Ndikupita.